Makosi a Mabotolo

Ndikuponyereni ndagi, tione ngati mitu yanuyo si yongosenzera madengu. Njoka yanga ilibe mutu, ilibe mchira, imagona m'malere chaka chonse osadya kanthu, koma miseche ya kutsidya kwa nyanja imaimva yonse. N'chiyani? Mwati utawaleza? Utawaleza ulibe makutu. Basi, ng'ombe yanuyo sungani, ndikuuzani ulele. Ndi waya wa wayilesi, uja anamangidwa pakati pa mabulugama awiri kuseri kwa nyumba ya bwana wa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, chaka chimene dzombe linali litangochoka kumene.

Tsono a Jonas, khukhi wa bwanayo, anafika pakhomo pa namfedwa Lachitatu m'mawa, patapita masiku atatu chiikireni a Fabiano m'manda. Chiperoni chinali chikuwaza, kamvula kaja kooneka kaulemu koma kolowa mpaka m'mafupa. Mpando anaukana. Anaima pakhonde chipewa chili m'manja, maso ali pa zala zakumapazi, n'kunena uthenga wawo ngati munthu wolavula mankhwala owawa. Bokosi la wayilesi la bwana linali litasiya kulankhula. Chiyambire Lolemba linkangothetheka ngati mafuta pamoto. Bwana anali atanena kuti nyumba iyi ndi kamunda kake anazipereka kwa a Fabiano chifukwa chosamala waya. Likapanda kulankhula bokosilo pofika Loweruka nthawi ya tiyi wamadzulo, adzaitanitsa mmisiri ku Limbe, ndipo kapitawo adzalowetsa m'nyumbamo banja lina lokhala ndi mwamuna wogwira thangata.

Lestina, mkazi wa malemuwo, anamva zonsezi ali m'kati, pamphasa pamene anamukhazika chichokereni kumanda, khanda lili kubere, mwana wamkulu atagona pamiyendo. Sanayankhe. Namfedwa sayankha. Kwawo kwenikweni kunali kutsidya kwa Ruo, kumene makolo ake anathawa Apwitikizi iye ali kumbuyo, ndipo kubwererako kunali ngati kuuza munthu abwerere m'mimba. Mayi ake, a Marita, amene ankakhala nawo pakhomopo, anangogwira chitseko. A Marita anali munthu woopa ngakhale chithunzithunzi cha nkhuku yawo yomwe.

Amene anayankha ndi a Stafford, akulu ake a malemu. A Stafford anasenzako katundu wa asilikali pa nkhondo ya Ajeremani, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: jekete la mabatani atatu, ndi pakamwa. Anauza a Jonas kuti waya iwo amamudziwa ngati mitsempha ya padzanja pawo, kuti kunkhondo anayenda pansi pa waya wa lamya kuchokera ku Karonga mpaka kumene dziko limathera, ndi kuti kanzeru konse ka mng'ono wawo kanali kotapa kwa iwo.

"Kamuuzeni bwana wanu agone tulo, a Jonas," anatero, akumanga batani lachitatu. "Loweruka bokosilo lidzalankhula mpaka adzachita kulipempha kuti lipume."

Muyenera kudziwa kaye za wayayu. Bwanayo anthu ankamutcha Makutu, chifukwa akaweruka kumunda ankakhala pansi n'kudziphimba makutu ndi timbale tiwiri takuda tolumikizidwa ku bokosi, kumvera anthu akwawo akulankhula ku Ulaya. Akafuna, ankalitsegula bokosilo kuti lizilankhula mokweza, nyumba yonse n'kumamva. Poyamba ankangomva mphepo. A Fabiano, amene nthawi imeneyo ankathandiza kalipentala, ndiwo anatumidwa kukwera mtengo, ndipo pokwerakwera anayamba kuzindikira zimene wayayo amakonda ndi zimene amadana nazo. Anamukweza kupitirira denga, chifukwa pafupi ndi malata mawu ankachepa. Anadula nthambi zonse zomugunda. Pamalumikiziro ankapala ndi mchenga mpaka mkuwa uwale. Pamwamba pa mtengo uliwonse anamangapo kawilo, chingwe cha khonje n'kudutsa pamenepo, kunsi kwake kuli mwala wolendewera, kuti mphepo ikagwedeza mtengo mwala uzikwera ndi kutsika, waya asaduke. Ndipo pamene waya amakumana ndi chingwe anaikapo makosi a mabotolo, awiri mbali iyi, awiri mbali inayo.

Anthu sankadutsa pansi pake. Amayi othyola tiyi ankalolera kuzungulira kukhola la ng'ombe ndi madengu odzaza. Funso lawo linali limodzi, ndipo ngakhale mphunzitsi wa ku mishoni sanaliyankhe bwino: mawu oyenda okha m'mwamba, opanda mwini wake, angakhale a ndani ngati si a akufa? Ndiye mphepo ya mwezi wa Juni itathyola nthambi n'kugwetsa waya, a Fabiano anakhala m'bulugama tsiku lathunthu chiperoni chikuwaza. Anatsika akutsokomola. Chibayo chinawagwira masiku asanu, ndipo tsiku lomaliza chifuwa chawo chinkalira ngati bokosi lija likamasaka mawu. Amene anamva anayang'anana. Panalibe wonena, koma aliyense anadziwa zimene mnzake akuganiza.

Chimene a Jonas sankadziwa, koma pakhomopo ankachidziwa onse, n'chakuti Lolemba m'mawa, bwana ali kumunda, a Stafford anali atapita kumabulugama kuja n'kutsitsa waya. Ataona makosi a mabotolo akulendewera, sanafunse munthu. Anati izi ndi nsupa zachizungu, ndizo zadya mng'ono wanga. Anawamasula atakulunga manja ndi masamba a nthochi, n'kukawaponya m'una wa chulu kuseri kwa manda, waya n'kumumangirira pachingwe chenicheni mfundo zitatu. Atabwerako ananena pabwalo kuti adula mutu wa chinthucho. A Marita anawaombera m'manja. Lestina anatsegula pakamwa, koma mayi ake anamutsina pantchafu.

Lachitatu lomwelo a Stafford anayamba ntchito. Anati wayayo ndi wamfupi, ndiye anakatenga waya waminga wakukhola n'kumulumikiza. Lachinayi anati ndi wolobodoka, ndiye anachotsa miyala ija, n'kumukoka mpaka analira ngati uta, mapeto ake n'kuwakhomera pa thunthu la mtengo ndi msomali waukulu. Kukwera ayi, anati bondo lakunkhondo. A Marita, atakakamizidwa ndi mwana wawo, anayesa kuwanong'oneza kuti mwina mabotolo aja anali ndi ntchito yake. A Stafford anawayankha mokoma ndithu kuti chisoni chimalankhulitsa akazi zambiri, ndi kuti nsupazo zikabwerera m'mtengo zidzafuna munthu wachiwiri, ndipo m'nyumbamo muli ana. A Marita anabwerera kunyumba.

Lachisanu masana a Jonas anabweranso. Ulendo uno anakhala pansi, ndipo analankhula motsitsa. Bokosi linali litasintha kulira. Nthawi zina, pansi pa kuthetheka kuja, pankamveka ngati munthu akulankhula ali m'madzi, mawu akukwera pang'ono, kenako n'kumira. Dobi, wochapa zovala za bwana, anali atakana kulowa m'chipindamo kukatenga nsalu zapatebulo. Kumalaini a antchito anthu ankati a Fabiano akusaka njira yakwawo ndipo waya akuwasokoneza. Iwo eni a Jonas, mkhristu wobatizidwa, anavomera kuti popereka tiyi ankalowa chambuyo kuti bokosilo lisawaone nkhope.

Atachoka, a Marita anawaza phulusa pakhomo, n'kutseka chitseko dzuwa lisanalowe. Mwana wamkulu anafunsa ngati atate ake ali m'bokosi, ndipo ngati amawapatsa chakudya. Lestina anayang'ana denga limene mwamuna wake anafolera yekha, anayang'ana nsichi zimene anadula yekha. Nayenso ankaopa, musaganize kuti ayi. Chifuwa chija anachimva ndi makutu ake, mutu wa mwamuna wake uli pamiyendo pake.

"Mayi," anatero, "mabotolo aja si nsupa. Powadula, ulusi ndinkagwira ndine."

Anawafotokozera mmene ankachitira awiriwo kuseri kwa nyumba: kuviika ulusi m'palafini, kuuzengereza pakhosi pa botolo, kuyatsa, kenako kumiza m'madzi ozizira. Anawauza zimene mwamuna wake ankanena akamanola m'mbali mwake pamwala, kuti waya ndi chingwe ali ngati mkamwini ndi apongozi ake, amakhala mudzi umodzi koma sakhudzana. Akakhudzana kunja kutanyowa, mawu onse amathawira m'chingwe, kulowa m'mtengo, kutsikira pansi. Galasi ndilo limaima pakati.

A Marita anamvetsa, ndipo kumvetsako n'kumene kunawaopsa kwambiri. Anakumbutsa mwana wawo kuti sanamete. Kumeta kunali kwa sabata yamawa, amalume ake a malemu akafika kuchokera kwa Mphuka. Namfedwa wosameta akatuluka pakhomo n'kukagwira ntchito ya mwamuna wake, imfa imakhala ikadali m'tsitsi lake, ndipo amakaipatsira mwana woyamwa. Mapazi amatupa, kenako nkhope.

"Ukufuna ndiike wachiwiri mwezi womwewu?"

"Nanga Lamulungu tikagona nawo kuti, mayi?"

A Marita analira pang'ono, anamina, anapita kukaona ngati phulusa lija silinafufutike.

Loweruka kutacha, anthu atapita kukathyola tiyi, mayi wamanthayo anazemba yekha mpaka kudzala la kukhichini kwa bwana, n'kubwerako ndi mabotolo asanu m'nsalu, akuyenda ngati wanyamula mazira a njoka. Anayatsa ulusi kuseri kwa nyumba, Lestina akuwalangiza ali pakhomo. Botolo loyamba linasweka pakati, a Marita n'kulumpha ngati mtsikana. Anayi enawo anaduka bwino, thwa, thwa. Atatha, a Marita anatola phale la botolo losweka lija, analiyesa pachala, n'kuuza mwana wawo kuti agwade.

Anayamba kumumeta ndi phalelo, ndipo anamutema kawiri, magazi n'kutsikira kuseri kwa khutu. Lestina sanagwedezeke. Ndipo pometa paja a Marita anachita chimene sanachitepo zaka zisanu ndi zitatu zimene a Fabiano anakhala mkamwini wawo. Onse awiri ankapatukirana panjira, ankalankhulana kudzera mwa ana kapena moyang'ana kukhoma. Tsiku limenelo anawalankhula mwachindunji.

"Akamwini, musatione ngati amwano. Amalume anu achedwa, ndipo nyumba yanu ikupita. Ngati pali mlandu ukhale pa ine wogwira lumo. Mwanayu musiyeni."

Tsitsi analikwirira patsinde pa nthochi. Lestina anasamba madzi ozizira, anayamwitsa khanda, analisiya m'manja mwa agogo ake, n'kumanga makosi anayi aja m'kansalu. Atayenda pang'ono anacheuka. A Marita anali akumutsatira chapatali m'mizere ya tiyi, mwana wina kumbuyo, wina padzanja, poti kutsala okha m'nyumba ija kunawaopsa kuposa waya.

Kumabulugama anapeza anthu atasonkhana, poti Loweruka ankaweruka msanga, koma onse ataima patali, kumene mthunzi wa waya sufika. A Stafford okha ndiwo anali pafupi ndi mtengo, akufotokoza za mizinga. Ataona mutu wa mlamu wawo uli mbee, mawu anawathera pakati. Anafunsa kuti wameta ndani iwo osadziwa, ndi kuti mwambo wapita kuti. Lestina anagwada chapatali, maso pansi, n'kunena kuti wangobwera kudzawagwirira chingwe, poti ntchito yaikulu ngati imeneyi munthu sagwira yekha. A Jonas, amene anali atatulukira pakhomo la khichini, anawonjeza kuti bwana afika posachedwa, ndipo kapitawo wauza kale banja lina kuti limange akatundu. A Stafford anayang'ana kumwamba, anayang'ana anthu, kenako analengeza kuti mlamu wawoyu amuitanitsa okha, poti gawo lomaliza la nzeru yawo limafuna manja a mkazi.

Kuti afike pamtengo, Lestina anayenera kudutsa pansi pa waya. Mphepo inkamuliza wayayo pang'onopang'ono, kulira kwa njuchi imodzi yotsekeredwa m'mphika. Madontho ankagwa kuchokera pamwamba n'kumenya pamutu pometedwa kumene, pabala penipeni. Anamva amayi ena akubuula kumbuyo kwake. A Jonas anazula msomali uja ndi hamala, waya n'kugwera paudzu ngati chamoyo, ndipo anthu anabwerera m'mbuyo onse pamodzi. Lestina anawerama. Anatambasula dzanja, analibweza, analitambasulanso. Atamugwira anatseka maso, kudikira kuti amve dzina lake likuitanidwa. Anadikira ndithu. Anangomva kuzizira kwa mkuwa, ndi mtima wake.

Pamenepo manja anakumbukira okha. Anamasula waya waminga n'kumuponya pambali. Anatapa mchenga n'kupala pamalumikiziro pamene panali patabiriwira, mpaka panawala. Analowetsa chingwe m'kati mwa khosi la botolo, waya n'kumuzengereza kunja, galasi pakati, kenako lachiwiri chimodzimodzi. Anapita kumtengo winawo n'kuchitanso zomwezo. Miyala ija anaipeza m'maluwa mmene a Stafford anaigubuduzira, a Jonas n'kumuthandiza kuimangirira. A Stafford ankayenda uku ndi uku manja kumbuyo, akunena kuti eya, choncho, monga ndinakuuzira, koma makosi aja akawayandikira ankalambalala. Atakoka chingwe, waya anakwera pang'onopang'ono mpaka anaima m'malere, mabotolo akuphethira.

Bwana Makutu anafika nsapato zili matope, sanayang'ane munthu, analowa. Zenera la chipinda cha bokosi linali lotsegula. Anthu anasendera pang'ono. Kunamveka kuthetheka kuja, kenako kulira kwa mluzu kokwera ndi kutsika, kenako kubuula. Mayi wina anagwira mtanda wapakhosi. Lestina anaona kapitawo ataima pakona pa nyumba ndi mwamuna wina wachilendo wamapewa aakulu. Bwana anapotoza kachitsulo, anapotozanso. Kenako, ngati munthu watsegula chitseko cha tchalitchi nyimbo ili pakati, munatuluka malipenga, oyera, ambiri, mpaka ng'ombe zinadzutsa mitu kukhola.

Bwana anatulukira pakhonde timbale tili m'khosi, akumwetulira, n'kufunsa m'Chinyanja chake chothyokathyoka kuti wakonza ndani. Lestina anali akadagwada patsinde pa mtengo. A Stafford anali atafika kale pamasitepe, chifuwa patsogolo. Anati ndi iwo, ndi kuti ntchito yotere kunkhondo ankaigwira asanadye kanthu m'mawa. Bwana anakondwa. Anati munthu wotere ayenera kumva yekha chimene wakonza, n'kuwakokera m'kati, kuwakhazika pampando pafupi ndi zenera, kuwaveka timbale tija.

Malipenga anali atatha. M'timbalemo munali mwamuna akulankhula yekha. Tsono mawu ochokera kutali amachita chonchi: amabwera pafupi ngati munthu wakugwira phewa, kenako amapita kutali ngati akulowa m'dzenje, kenako n'kubweranso. A Fabiano ankadziwa zimenezo. A Stafford, katswiri wa ku Karonga, anali asanavalepo timbale chibadwire. Anthu pazenera anaona maso awo akukula. Anacheukira kumanja, kunalibe munthu. Anacheukira kumanzere. Mawuwo sanali kumanja kapena kumanzere, anali pakati pa mutu wawo. Anatsetsereka pampando mpaka mawondo anagunda pansi, bondo lakunkhondo lomwe, ndipo munthu amene ankati Chilomwe anachiiwala kalekale anayamba kuchilankhula choyera ngati cha agogo ake, mokweza, poti wovala timbale sadzimva.

"M'bale wanga, leka. Mabotolo ako sindinaswe. Ali m'una wa chulu kuseri kwa manda, onse anayi, ndikakutengera lero lomwe. Za waya sindidziwa kanthu, iwe ukudziwa, kunkhondo ndinkasenza mapoto. Tuluka m'mutu mwanga, ndapota nawe."

Bwana anafunsa a Jonas kuti akuti chiyani. A Jonas anamasulira bwinobwino, osasiya liwu ngakhale limodzi, mapoto omwe. Woyamba kuseka anali dobi, amene anayesa kubisa nkhope m'nsalu yapatebulo koma zinakanika. Kenako amayi othyola tiyi, amene kwa sabata yathunthu anali asanaseke, anagwirana mapewa, ena n'kukhala pansi m'matope. A Stafford anadzambatuka kuti athawe, kuiwala kuti amangidwa kumutu, chingwe cha timbale n'kuwabweza ngati mbuzi yapachikhomo. Ngakhale kumizere ya tiyi kunkamveka kamawu kena kopyapyala, a Marita, dzanja pakamwa, misozi ili mbwe, osadziwa okha ngati akuseka kapena akulira.

Bwana, atapukuta maso, anayang'ana m'mwamba mmene munali mabotolo, anayang'ana mkazi wometa uja, n'kuuza kapitawo kuti nyumba ikhala ya amene wamanga magalasiwo, malinga bokosi lizilankhula. Mwamuna wamapewa uja anatembenuka n'kumapita.

Lestina anathamangira kaye kwa mayi ake. Anavundukula mapazi a khanda, anawasisita, anawadina ndi chala. Anali mapazi wamba, ofunda. A Marita ananong'ona kuti zotere sizioneka tsiku limodzi, ndipo Lestina anadziwa kuti adzawadina m'mawa uliwonse mpaka mwezi utatha.

A Jonas anamukodola kuti amusonyeze ntchito yotsala. Anazungulira naye kuseri, pansi pa zenera, pamene kawaya kena kochokera ku bokosi kankatsikira pa chitsulo chokhomedwa m'dothi. Anati m'chilimwe pamafunika chitini cha madzi m'mawa uliwonse, poti nthaka ikauma mawu amachepa, ndipo malemu sanaphonyepo tsiku. Lestina anapatula maluwa a bwana kuti achione bwino chitsulocho. Kumbuyo kwake, pobisika, pamene madziwo ankayenderera, panali kachitsamba ka tsabola wa kambuzi, kobereka mpaka nthambi kuwerama.

"Ankati madzi asamatumikire mzungu yekha," anatero a Jonas.

Zaka zitatu malemuyo ankafika madzulo n'kutulutsa kambuzi muwiri m'thumba, kumuika pambali pa mbale ya mkazi wake, n'kunena kuti watola panjira. Iye mwini tsabola sankadya, ankamutsokomoletsa.

Kukhonde anthu anali akusekabe, wina akuyeserera mawu a a Stafford. Lestina anathyola kambuzi muwiri, anamanga pakona pa nsalu yake, n'kubwezera maluwa aja mmene analili.